Zokambirana Zathu Zikujambulidwa

Pamwamba pa sitolo ya simenti pa Chitakale
tilipo khumi ndi anayi, aliyense m'kakhola kake ka matabwa,
goli m'makutu, pepala la mawu pamaso.
"Mwadzuka bwanji bwana, ndine Esinala Namakhwa,
ndikuimba kuchokera ku..."
Tu, tu, tu.
Wachisanu ndi chitatu m'mawa uno wokha.

Mayi anga amathyola tiyi kuseri kwa phirili,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
dengu kumsana, kenako kusikelo.
Anagulitsa mbuzi zitatu kuti ine mame asamandidye miyendo.
Lero ndine wa muofesi. Ndimathyola anthu.
Sikelo yathu ndi bolodi loyera pakhoma:
Bitoni naini, Falesi seveni,
dzina langa pansi penipeni, lotsekedwa mzere wofiira.

A Mukhuna amati kumwetulira kumamveka pafoni,
ndiye ndimamwetulira thabwa.
Amati usamati ngongole, uziti thandizo,
ndipo chiwongoladzanja uzichitchula mwaliwiro
ngati ukudutsa pamanda usiku.

Mphunzitsi wa ku Mimosa wandifunsa ngati ndili pabanja.
Namwino wanditcha wakuba, mwana akulira kumbuyo kwake.
Mlonda wina anangoti "tadikirani,"
n'kusiya foni pafupi ndi wailesi:
ndinamvera uthenga wa maliro ndi theka la nyimbo,
kupuma kwanga kwa tsiku limenelo kunali komweko.

Lachinayi chiperoni chinatsika msanga,
phiri lonse n'kuzimirira pawindo.
Pamndandanda: a Fesitoni Muhaniwa, kalaliki wa kufakitale.
Inalira kanayi. Anayankha mayi.
"Bambo alipo?"
"Tinawaika Loweruka."

Ndinasanthula pepala langa, kutsogolo ndi kumbuyo.
Lili ndi yankho la wotukwana,
la wonena kuti alibe ndalama, la wofuna kufunsa kaye mkazi wake.
Apa limangoti: ngati mwiniwake palibe,
funsani ngati woyankhayo ali pantchito.
Kanyali kobiriwira kanayaka. A Mukhuna akumvetsera.

Ndinati, "Pepani mayi."
Sanadule.
Anati, "Mwanawe, foniyi sinalirepo chiikire.
Ndimaitchajitsabe kwa mnyamata wa pagolosale, sindidziwa chifukwa."
Anandiuza za njinga yawo yopanda buleki,
za zinanazi zomwe zapsa zonse pamodzi kumunda
ngati sizinamve,
za jekete lomwe achimwene awo avala kale.
Anaseka pang'ono. Anamina.
Ine ndinangogwira waya wa goli langa,
n'kumati, "Eya. Eya, mayi."

Pomaliza: "Kodi paja mumati mukugulitsa chiyani?"
Malovu anauma.
"Palibe, mayi. Timangowapatsa moni."
"Zikomo. Akanakondwa, ankakonda kuimbiridwa."

Madzulo a Mukhuna anandiitana,
anatsegula zojambulidwazo kuti ndidzimvere ndekha.
Sindinkadziwa kuti mawu anga enieni ndi otsika chonchi,
ngati a mayi anga akatopa.
Anamvetsera mpaka pa zinanazi paja, n'kuimitsa,
anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi tayi.
"Mphindi khumi ndi imodzi," anatero, "ziro."
Anaonjeza kuti mwezi ukutha Lachiwiri,
kuti nawonso ali ndi bolodi lawo ku Blantyre.

Lamulo limati nambala za makasitomala sizituluka pakhomo.
Ndinailemba m'chikhatho ndi bolopeni,
ndinafumbata potsika masitepe,
ndinafumbata podutsa amayi a nthochi ndi mapeyala,
ndinakwera kabaza ndi dzanja limodzi.
Koma pamlatho paja njinga inaterereka, ndinagwira chishalo.

Kunyumba, pansi pa babu,
manambala awiri omaliza anali atasungunuka
kukhala kabanga kabuluu pakati pa mizere.
Mayi anandigwira dzanja ndi zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi,
analitembenuza, n'kufunsa ngati ndapsa.