Gitala ya Baldomero

Ndinaigula Loweruka, mvula ikuwaza,
pamwamba pa phiri la Cordillera, ku Valparaíso kuno,
nditakwera masitepe zana limodzi ndi makumi anayi,
mawondo akulira ngati zitseko zakale.
Mayi Ermelinda anaisolola kunsi kwa bedi
n'kuipukuta fumbi ndi malaya a malemu amuna awo.
Za mtengo sanafulumire nazo.
Anayamba andifunsa kaye ngati ndimamwa.

Ndine wowotcherera zitsulo kudoko,
zaka makumi asanu ndi ziwiri, zala ngati mabawuti.
Ndinanama kuti ndimalawa pa Khirisimasi pokha.
Anaseka, nalandira mapeso anga osawawerenga.

Ndi yofiira, koma kufiirako kunatha
pomwe mkono wa Baldomero unkakhula zaka makumi atatu;
pamenepo pali thabwa, see, ngati dazi.
Kumutu kwake kuli chipsera cha ndudu.
Kachitsulo kamodzi kochunira n'kobwera, sikafanana ndi tinzake.
M'bokosi ndinapezamo malisiti awiri a pinyolo,
anaipinyolitsa kawiri, kawiri konse n'kukaiombola,
ndi kapepala ka nyimbo khumi ndi imodzi,
yachisanu ndi chiwiri itakhwatchidwa mwaukali.

Ampu ndinachita kugula padera, kwa mnyamata wokonza mawailesi.
Ukangoilumikiza imayamba kung'ung'udza
ngati firiji ya m'sitolo,
ndipo kukachita nkhungu imatola mawu a oyendetsa matakisi:
ine ndili pakati pa nyimbo, wina akufuna galimoto kuchipatala.
Chingwe ukachigwedeza pang'ono, thethethe!
mphaka wa Fresia uyo, ali padenga la eni.

Miyezi itatu, matuza okhaokha.
Ine wogwira moto tsiku lonse
kulizidwa ndi nsambo yopyapyala ngati tsitsi!
Fresia ankagogoda khoma ndi mpini wa tsache.
Mwana wanga Amaro anati, Bambo, mahedifoni alipotu.
Ndinati gitala yonong'ona ndi yachiyani.

Koma nkhani ili apa.
Tizitsulo ta pakhosi pake tinadyeka mosiyana:
pena pali timaenje, pena ngati sipanafikepo munthu.
Zala zanga zikasochera zimagwera m'timaenjemo
ngati phazi m'njira yopondedwa kale,
n'kutuluka mawu amene sindinawaphunzire.
Ndimayesa kuthawira kumunsi, kosadyekako,
kuti ndiyambe zangazanga,
gitala imandibweza.
Kodi ndinagula katundu, kapena ndinalowa m'nyumba ya mwini?

Usiku wa kachivomerezi kaja, mu Ogasiti,
makapu akugundana m'kabati,
ndinangozindikira ndili panja, wopanda nsapato,
gitala ili m'manja,
ndalama ndi mapepala a nyumba ndazisiya m'kati.
Magetsi anazima mpaka m'mawa.
Ndinaiimba choncho, yosalumikiza,
kamawu kake kochepa ngati ka udzudzu,
Fresia atakhala pasitepe, atafunda bulangeti, osadandaula.

Kutacha, foni: Mayi Ermelinda.
Za ine sanafunse. Anangoti, Ili bwino?
Kenako, Tandiimbireniko pang'ono.
Ndinaika foni pampando, pafupi ndi ampu,
manja akunjenjemera kuposa usiku uja,
ndinaimba kanyimbo kanga kamodzi komweko
n'kuphonya pomwe ndimaphonya masiku onse,
pomwe nsambo yachitatu imakana kumvera.

Kunali zii.
Ndimati foni yaduka.
Kenako anati, Nsambo imeneyo musaikonze.
Nayenso ankatukwanira pomwepo.

Lero ndasintha nsambo zisanu.
Yachitatu ndaisiya ndi dzimbiri lake.
Nyimbo yokhwatchidwa ija sindinaifunsebe,
mwina sindidzaifunsa.
Ndipo dzulo, popukuta thukuta,
ndinaona kuti kunsi kwa chigongono changa
utoto wayamba kusupuka pamalo pena,
zala ziwiri kuchokera pa dazi la Baldomero.