Dzanja M'mgolo

Tinafika ku Mayo usiku, basi ya ku Cork itatopa nafe,
anthu khumi ndi anayi, ambiri osadziwana maina.
Ine ndinabwera ndi nsapato zolakwika.
Dambo la kuno limameza nsapato za m'tauni
ngati lagona ndi njala chaka chonse.

Tambala asanalire tinagona chagada pamsewu,
pageti pomwe akumanga fakitale yoyenga gasi,
mgolo wa simenti pakati pathu.
Ndinapisa mkono mpaka m'phewa,
ndinakoleka unyolo ku chitsulo cha mkati,
ndipo mumdimamo, momwe maso safika,
ndinakhudza zala za munthu wina.

Malachy, anatero. Woweta nkhosa.
Zala zake zinali ngati mizu,
chimodzi chachifupi, chingwe cha bwato chinadya nsonga yake kalekale.

Lole yoyamba inaima, ikufwenthera utsi.
Ina kumbuyo kwake. Inanso.
Mvula ya kuno siigwa, imayenda chopingasa
ngati ikusaka khutu loti ilowemo.

Anandiuza, maso ali kumwamba:
paipi idzadutsa mapazi makumi asanu ndi atatu
kuchokera pazenera la khitchini.
Anayeza yekha, kawiri, galu akumutsatira.
Anabwera a mapu, anakhoma zikhomo za nsalu zofiira,
nkhosa zinatafuna nsaluzo.
Ikadzaphulika, anafunsa, tidzathawire kuti?
Anamuyankha kuti siidzaphulika.
Gasiyo sadzalowa n'komwe m'nyumba mwake.
Iye amasonkha moto ndi dothi lakuda la m'dambo
lomwe amadula yekha, kuliyanika, kulisanja.

Mng'ono wake analandira ndalama za kampani.
Kutchalitchi amakhala benchi limodzi,
pakati pawo malo a munthu amene kulibe.

Apolisi anatizinga ndi majekete achikasu.
Mmodzi sankayang'ana pansi.
Fiachra, anaitana Malachy, amako bondo likuwavutabe?
Mnyamatayo anameza mate,
anakonza chipewa chomwe chinali kale bwino.

Dympna, mkazi wa Malachy, anabwera ndi tiyi m'fulasiki.
Anamuletsa. Anaima kuseri kwa chingwe,
anatsanulira m'kapu, anamwa yekha pang'onopang'ono
akuyang'ana wamkulu wa apolisi m'maso.

Ola lachinayi phewa langa linafa.
Mkodzo, chisanu, mano akuwombana.
Ndinene zoona: ndinafuna kumasula.
Ndowe yake inali pansi pa chala changa chachikulu,
palibe akanandiimba mlandu.
Mudziwu si wanga. Nyanjayi sindiidziwa dzina la magombe ake.
Lolemba ndili ndi ntchito.

Iye anamva, kaya bwanji, m'zala momwemo.
Masula, mwanawe, anatero. Wabwera, zakwana.
Koma dzanja lake silinanene zimenezo.
Linandigwira
monga amagwirira mwanawankhosa wobadwa m'chisanu.

Anadza ndi macheka dzuwa litapendeka,
ngati limenelo n'kulitcha dzuwa.
Anatiphimba nkhope, nthethe zikuthetheka,
simenti ikugumuka ngati chigumu chouma.
Pamene kuwala kunalowa m'mgolo
ndinaona koyamba dzanja lomwe ndinalidziwa kale.
Lathu lonse linali lotuwa ndi fumbi,
osadziwika la nkhalamba ndi liti.

Malole anadutsa. Ndinawerenga mpaka khumi ndi atatu
galimoto ya polisi isanatsekedwe.
Maola asanu ndi awiri, anatero Malachy, akutikita mkono.
Mawa kubwera a ku Galway.

Tsopano ndili kwathu, nsapato zikuuma pakhomo.
Kalata ya khoti ili pansi pa mbale ya shuga.
Ndateleka ketulo, ndapotokola chitofu,
gasi akulira chapansipansi,
machesi ali m'dzanja lomwe lija.
Ndayatsa.
Lawi la buluu laima mozungulira, laudongo, lopanda mlandu,
ndipo ndikuwerenga mapazi
kuchokera pano mpaka pazenera.