Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Ku papelariya ya a Zefanias pa Ulongwe
makina atafuna tsamba langa lachisanu ndi chiwiri.
Inki yathanso, akuti imachokera ku Tete,
ndakatulo zidikire basi ya Lachinayi.

Pakalendala yakale kukhomako
pali mayi wojambulidwa ndi burashi kutsidya kwa nyanja,
ntchentche zamudonthetsera timadontho patsaya.
Zaka mazana ali phee.
Ine mlungu umodzi, kudandaula kale.

Madzulo m'chisakasa cha kanema
filimu yopanda utoto, mizere ikugwa ngati mvula.
Ovinawo onse adapita kumanda kalekale,
koma anyamata okweza mbatatesi
akuwaimbira likhweru.

Potuluka, mtsikana wa mtedza
wandikulungira wa metikali asanu
m'tsamba lija, lokwinyika.
Akuti anawerengako theka,
kenako kasitomala anabwera.