Zigubu Zitatu za Casimiro

Muvi unalowa pofiira ndisanamalize chitunda cha Lipán.
Ndinaima. Boneti inkafuka nthunzi
ngati mphuno za bulu m'mawa wachisanu.

Aurelio Vilte anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Purmamarca,
masamba a koka ali m'tsaya,
masipanala awiri akugundana m'thumba la ovolosi.
"Chitsekererocho musachigwire, mayi.
Injini ikapsa mtima imalavulira kumaso."
Tinakhala pamwala kudikira kuti izizire,
mphepo ikutiwaza mchenga m'makutu.

Kenako anayamba kufunsa mafunso,
osati kwa ine, kwa galimoto.
Anagwada, nasuzumira kunsi: dothi gwa, ngakhale dontho.
Anatsina paipi yam'mwamba, anatsina yam'munsi
monga ndimatsinira mapeyala pamsika.
Lamba wa fani anamudina ndi chala, anali wokungika.
Anasolola kachitsulo ka oyilo, nakapukutira pansanza.
"Akanakhala ngati tiyi wamkaka
bwenzi ndikuti gasiketi yapsa, kagulitseni mbuzi."
Oyilo anali wakuda bii.
Mbuzi zanga zinapulumuka zisakudziwa.

Analiza injini.
Ku ekizozi kunalibe utsi woyera.
M'kamwa mwa rediyeta madzi ankayenda opanda thovu,
ndiye kuti pampu ili moyo, themositati ikutseguka.
Aurelio anakanda chipumi ndi dzanja la girizi.
Pofuna nsanza ina anatsegula kumbuyo,
napeza zigubu zitatu zomangidwa ndi chingwe chimodzi.

"Izi n'zandani?"
"Za malemu amuna anga.
Casimiro sankachoka pakhomo popanda izo.
Ine ndinkayesa ndi madzi akumwa."

Sanayankhe. Anatola chitsekerero chija pomwe anachiika,
nachitembenuza padzuwa.
Kamphira kake kanali kong'aluka ngati chidendene,
sipuling'i yofooka, mwana akanaidina.
"Kuno kumwamba mpweya ndi wopepuka,
madzi sachedwa kuwira.
Ichi ndicho chimawapanikiza kuti apirire.
Chanuchi chinatopa kalekale.
Zaka zisanu, mwina kuposa."
Mtengo wa chatsopano sunkafika pa kilo ya nyama.

Zaka zisanu.
Ndinakumbukira pokhota pachisanu ndi chiwiri,
pomwe Casimiro ankaima ulendo uliwonse wopita ku Susques,
n'kunena kuti, Herminia, tatsika uone mapiri,
taona kufiira kwake, taona kubiriwirako.
Ine ndinkaona, nsana nditalozetsa kumsewu,
iye kumbuyo kwanga akuchita khuchukhuchu ndi chigubu.
Anzanga kutchalitchi ndinkawauza kuti
ndinakwatiwa ndi munthu wokonda mapiri.

Aurelio anazula chitsekerero pa lole yakufa ya mlamu wake,
anabwera nacho dzuwa litapendeka.
Tinathira madzi a m'chigubu choyamba.
Muvi unakhala pakati, phee, chitunda chonse.

Pokhota pachisanu ndi chiwiri ndinaimabe.
Injini ndinaisiya ikulira, inalibe chodandaula.
Mapiri analidi ofiira.
Bodza la wakuba uja linali ndi mbali yoona.