Yongothira Mafuta

A Mkwezalamba, pondigulitsa galimotoyi ku Area 47,
anasisita denga lake ngati msana wa khanda:
"Iyi ndi yongothira mafuta basi, achimwene."
Yofiira ngati tsabola wakupsa, zitseko ziwiri zokha,
yaifupi, mimba ikununkhiza phula.
Inapangidwa ine ndili sitandade sikisi.
Ndinailiza. Inabangula.
Nzeru zanga zinatulukira m'makutu.

Kwa milungu itatu ndinali munthu.
Pa msewu wa ku Kanengo maminibasi ankatsala akutafuna fumbi,
anyamata a kabaza kupotoza makosi mpaka kuiwala okwera.

Kenako tsiku lina masana, pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe,
kamuvi ka kutentha kanayamba kukwera
ngati mtengo wa shuga.
Nthunzi fuu! pansi pa boneti.
Ogulitsa nthochi anandithandiza kukankha, akuseka.

Ku Biwi, Fostino anapukuta manja pa ovolosi,
n'kuviika chala mu oyilo, n'kundionetsa:
ngati tiyi wamkaka.
"Gasiketi yapsa. Mutu wa injini wapindika.
Pampu ya madzi nayonso yatopa, bwana."
Zikwi mazana anayi, osawerengera dzanja lake.

Madzulo amenewo Ndaona, mkazi wanga, anagula kope la masamu,
n'kulemba tsiku pamwamba,
osanena kanthu.

Kilatchi inatsatira mvula isanathe.
Mashoko anafera m'maenje a ku Chilinde.
Mahampu a ku Kawale anang'amba ekizozi,
moti agalu a mzere wathu wonse
ankadziwa kuti ndikubwera ndisanakhote pa chigayo.
Magetsi ake ndi aja otukuka ngati zikope;
lakumanzere linakana kudzuka,
ndipo miyezi iwiri ndinayenda usiku ndikutsinzinira mzinda wonse
mpaka wapolisi wa pa Mchesi anandiyankha ndi lisiti.

Ndiye thebo.
Inayamba ndi kamluzu kokoma, ine n'kumayesa nyimbo.
Inathera mu utsi wabuluu
umene unaphimba lole ya amayi a kwaya pambuyo panga.
Ku Malangalanga ndinalowa mashopu asanu ndi anayi
nditanyamula chitsulo chakufacho m'jumbo.
Aliyense kuchitembenuza, kupukusa mutu:
"Za mtundu uwu kuno kulibe. Yesani ku Joni."
Ku Joni chinapezeka, ndalama zakunja n'kusowa.
Zitapezeka, mtengo unali utadumpha mpanda.
Chinafika pa basi patatha milungu isanu ndi iwiri,
chokulungidwa m'bulangete la munthu wina,
mabowo a mabawuti osagwirizana.

Za banki mkhonde ya Ndaona zinalowa m'menemo.
Malata amene tinkasungira nyumba ya ku Mtsiliza, m'menemo.
Fizi ya Tamanda ya teremu yachiwiri
ndinakaipempha kwa alamu anga
ndikuyang'ana nsonga za nsapato zanga.

Fostino tsopano wamanga mpanda wa njerwa zowotcha.
Akandiona amandipatsa moni wa manja awiri.

Komabe, ikadzuka bwino, Lamulungu m'mawa misewu ili mbee,
ndikaponda giya yachitatu kupitirira pa Kanengo,
china chake chimamasuka pachifuwa panga
chimene kope lija lilibe mzere wake.

Dzulo ndinalemba ndi choko pa galasi lakumbuyo:
IKUGULITSIDWA.
Lero kwabwera mnyamata wa tayi yopyapyala,
malipiro ake oyamba akumuyabwa m'thumba.
Waizungulira kawiri, wagwada kuona matayala.
"Imavuta?"
Mawu a Mkwezalamba afika pa lilime langa, onse, osaduka,
dzanja langa lili kale padenga likusisita.
Ndaona watuluka m'nyumba, thovu la sopo m'mikono,
wamupatsa kope lija.

Wawerenga chiimire, masamba khumi ndi anayi,
milomo ikuyenda pa manambala.
Watseka. Wakhala chete.
Kenako, maso ali pa boneti yofiira ija:
"Tangoilizani pang'ono, ndimveko."

Ine makiyi ndatulutsa kale.