Mlonda Aona Magazi Ake

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndalondera nyumba za eni ku Mulunguzi.
Mdima ndimaudziwa ngati thumba la jekete langa,
koma sindinkadziwa kuti wina ndimayenda nawo m'chala.

Linali Lachinayi, chiperoni chitameza phiri.
Miyendo inkandilemera, ludzu losamva madzi.
Mnzanga wa pageti loyandikana anati pita kuseri kwa msika,
pakati pa telala ndi wokonza mafoni
pali a Namakhwa ndi maikulosikopu yawo,
amawerenga thupi lonse m'dontho limodzi.

Anandifunsa zambiri kuposa apolisi.
Mumagona maola angati? Mumadya nthawi yanji?
Madzi ndi a pampopi kapena a pachitsime? Mumtima muli chiyani?
Chimwalirire make ana, palibe anandifunsapo zotere.
Kenako kasingano,
dontho pagalasi, kagalasi kena pamwamba ngati chivundikiro.
Anazimitsa getsi, natembenuzira kanema kwa ine.

Kunali bii.
M'bii momwemo munayamba kuyera timphete,
mazanamazana, tikuyandama,
tikugundana mapewa ngati anthu a padepoti mwezi ukatha.
Anati kuwala sikudzera pansi, kumalowera m'mbali,
n'chifukwa chake mukuwala ndi m'mphepete mokha.
Ndinaseka. Imeneyo ndi nzeru ya alonda:
tochi suloza nayo pamphumi pa chinthu, umaipendeketsa,
chobisala chimaululidwa ndi mthunzi wake.

Taonani awa, anatero, asanjikizana ngati makobidi.
Ndinati bwana, ndiwo makobidi okhawo amene ndasungapo.
Sanaseke.
Analoza china chotuwa, chachikulupo, chokwawa mwaulesi.
Uyu ndi msilikali wanu.
Ayi, ndinakana chamumtima,
asilikali ndimawaona m'mamawa akuthamanga ndi nyimbo.
Uyu ndi mlonda,
akuzungulira mpanda yekhayekha,
malipiro ake achedwa.

Anati magazi anu atopa, chiwindi chikudandaula.
Botolo la zitsamba, makwacha zikwi makumi awiri.
Ndinapereka theka.

Madzulo Asiyatu, mwana wa mlongo wanga,
wa kulabotale ya chipatala chachikulu,
ananunkhiza botolo, nalibweza patebulo mwaulemu.
Amalume, dontho likakhalitsa pagalasi limayamba kuuma,
likamauma a aliyense amasanjikizana,
ngakhale a mnyamata womenya mpira.
Ludzu lanulo silioneka pakanema.
Mubwere mawa musanalawe kanthu.

Ndinapita. Mzere unafika mpaka pamtengo wapanja.
Chala chomwecho, kasingano kena.
Kunalibe timphete, kunalibe thambo,
palibe anafunsa za mumtima.
Kamakina kanangolavula nambala,
namwino nailemba m'buku osadzutsa mutu.
Shuga.
Liwu limodzi basi, ndi mapiritsi m'kapepala.

Tsopano tiyi ndimamwa wopanda kanthu.
Miyendo yayambanso kundimvera, ludzu likuchita manyazi.
Botolo lija lili pawindo, fumbi lalipatsa chipewa,
ngongole yake ikadali theka.
A Namakhwa tikakumana pa Mpondabwino timapatsana moni wa manja awiri,
iwo safunsa za ndalama, ine sinena za nambala.
Asiyatu amati ndinaberedwa masana.
Mwina.
Koma galasi la kunyumba lakhala likundionetsa makwinya okha,
ndipo ndinafika zaka makumi asanu ndi limodzi
ndisanaonepo kuti mkati mwanga muli anthu oyenda.

Usiku pageti magetsi akathima,
tauni yonse bii mpaka ku Chinamwali,
agalu a ku Chikanda akuyankhana ndi a ku Sadzi,
ndimayatsa tochi n'kuitseka ndi chala chija.
Chimafiira ngati khala la mbaula.
Ndimachiyandikiza kukamwa.
Uli maso, mnzanga?
Zungulira ndithu.
Kucha kukadali kutali.