Lachinayi kwa a Shawa

Lachinayi ndimaweruka dzuwa likadalipo.
Njinga ndimaimangirira ku mango wa kuseri kwa bala ya a Shawa,
maloko awiri, poti Kapata sagona.
Malaya abwino ndimawasunga pansi pa khushoni
pomwe pakhala anthu tsiku lonse,
makasitomala andisitira okha, osadziwa.

Pakhomo pali Tikambenji ndi kope lake la masamu.
"A Zondiwe, ndinu nambala seveni.
Mphindi zinayi. Mukapitirira ndigogoda botolo."

Woyamba anali mnyamata wa ku Mchini, thalauza lili m'mawondo,
anatukwana landilodi wake mwaluso
mpaka landilodiyo, ali pa kauntala, anaomba nawo m'manja.
Wachiwiri namwino wa ku Jenerale,
za mwana amene anam'tseka maso Lolemba;
mabotolo onse anatera pa thebulo osalira.
Wachitatu anaiwala mawu.
Anaseka, ifenso tinaseka,
tinamuombera m'manja chifukwa cha kuimirira kokhako.
Enawo sindinawamve,
mtima unali utasamukira m'makutu.

Seveni.

Maikolofoni inkanunkha mowa ndi mpweya wa anzanga asanu ndi mmodzi.
Pepala langa, kuseri kwa lisiti ya matayala,
linkanjenjemera ngati madigadi osamanga bwino.
Ndinangoti, "Moni nonse,"
sipika zii,
mdima bii.

"Jenereta ilibe mafuta!" a Shawa cha ku khichini.
Wina analiza mluzu, mpando unagwa.
Kenaka foni imodzi inayaka, ina, inanso,
ziphaniphani za m'dambo la Lunkhwakwa zitalowa m'bala.

Apo ndinakumbuka kuti mmero uwu
ndi womwe umalanda makasitomala pa siteji m'mawa uliwonse,
umapikisana ndi hutala za mataxi a ku Mwami
ndi mlaliki wa pafupi ndi ogulitsa nkhuku.
Unayamba wafunapo waya liti?

Ndinawauza za akulu anga a Khuzwayo, eni njinga,
momwe thiraki ya fodya inawapezera pa msewu wa Lundazi
akubwerera ndi ndalama ya mankhwala a mwana.
Njinga inapulumuka, limu lokha ndilo linapindika.
Ndinaliwongola ndekha pa mwala, maliro asanathe sabata,
chifukwa njala siyembekeza kumeta.
Chishalo chikadali pa msinkhu wao,
ndimapalasa chonyanyamphira, sindifuna kuchitsitsa.
Belu ndi lomwelo.
Ndikaliimba pa kona ya posita ofesi
ndimamva ngati akutsokomola kumbuyo kwanga,
kundiuza kuti ndachedwa kugwira buleki.

M'kuwala kwa mafoni ndinaona chitenje chobiriwira.
Mayi uja!
Amene m'mawa ndinakwera naye chitunda cha Kalongwezi,
iye, thumba la mbatata ndi nkhuku ziwiri,
nandidula thu kwacha pa geti,
amvekere, "Anyamata a njinga mumaba."
Foni yake ndiyo inali pamwamba kuposa onse,
mkono osatopa.

Magetsi anabwera ndili pa mzere womaliza.
Ndinachita manyazi ngati andipezerera ndikusamba.
Mphindi zinayi zinali zitapita kalekale,
botolo la Tikambenji lili chete m'manja mwake,
iye akufunafuna kanthu m'kope mopanda kanthu.

Panja, pa mango paja, chitenje chobiriwira chikundidikira.
"Kalongwezi ndi zingati usiku uno?"
"Teni."
"Seveni," anatero.
Tinaseka mpaka mlonda anatiunika.

Njira yonse sanayankhule.
Pa chitunda anatsika yekha, osamuuza,
n'kumayenda pambali panga, dzanja lili pa khushoni,
ngati tikuperekeza wina wachitatu.
Agalu a m'mipanda ankatipatsirana.

Tili pafupi ndi geti anati,
"Belu lija, taliimbaninso."

Ndinaliimba.